Mutu 6: Edness Aperekeza a Henderson ku Nsanja ya Nkhondo

1. Mawu a mayi Rosina

Loweruka limenelo, m'mwezi wa Julayi 1996, dzuwa linatuluka ndi ukali. Edness ndi mayi ake ananyamuka ku Lanham kusanatenthe, nakwera sitima ya pansi pa nthaka mpaka ku Bethesda. Edness anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sekondale anali atamaliza mwezi wathawo, ndipo masiku odikira koleji ankayenda ngati bilimankhwe.

Mayi ake, a Rosina, ankasamala nkhalamba ina yachizungu, a Henderson, m'nyumba yaikulu ya njerwa zofiira. Tsiku limenelo anali ndi mayeso a unamwino ku Baltimore. Anapempha tchuthi, koma mwana wa nkhalambayo, mayi Gwendoline, anakana chifukwa nawonso anali pa ulendo wa ku ukwati. Ndiye mayi Rosina anachita zimene amayi ambiri akwathu amachita zinthu zikathina. Anatenga mwana wawo kuti awagwirire ntchito tsiku limodzi.

Asanachoke anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Tamvera kuno, Edness. Nyumba ino si yathu, dziko lino si lathu. Mapepala athu okhalira kuno akusayina ndi mayi Gwendoline. Anandiuza ndi pakamwa pawo kuti bambo awo asasiyidwe m'manja mwa munthu wina aliyense. Lero ndikuphwanya lamulo chifukwa cha mayesowa. Akangodziwa, ntchito yatha, mapepala atha, iwe ndi ine tikwera ndege. Koleji yakoyo ukaiwerengera ku Ntcheu."

"Ndamva, amayi."

"Sunamve, sindinamalize. Kwathu tinakuphunzitsa kuti mkulu sakanizidwa. Akati ndiperekeze, umanyamula chikwama n'kumutsata pambuyo. Ndi mwambo wabwino, koma m'nyumba muno uuvule pakhomo ngati nsapato. Agogowa mutu wawo umabwera n'kupita. Akuuza kuti akufuna kupita kunyanja. Ine amandiuza tsiku ndi tsiku. Iwe uzingoti, mawa agogo. Mawa likafika amakhala ataiwala."

Kenaka anatulutsa m'kabati lamba wansalu, wamkulu ngati wa msilikali.

"Uyu ndiye khasu la ntchito ino. Akamaimirira kapena akamatsika masitepe, umawamanga m'chiuno, iwe n'kugwira kumbuyo mwamphamvu."

Edness anagwira pakamwa. "Amayi, ine ndigwire bambo wamkulu m'chiuno?"

"Manyazi amenewo ndi a ku Ntcheu. Kuno amathyola mafupa. Ndibwera faifi koloko. Usatuluke nawo ngakhale pa kapinga."

Mayi Rosina ananyamula mabuku awo, ulendo.

2. Chithunzi cha pakhoma

A Henderson anali pampando wawo pafupi ndi zenera, tsitsi mbuu, manja akunjenjemera pang'ono. M'mawa umenewo mutu wawo unali bwino. Anamuona Edness akuyang'ana chithunzi chakale pakhoma. Chinali cha nsanja yaitali yasimenti, yobulungira ngati mtondo, itaima yokhayokha pamchenga.

"Ukuidziwa imeneyo, mtsikana?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ayi, agogo. Ikuoneka ngati nkhokwe yaitali."

Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola. "Mmenemo ndinasiyamo unyamata wanga. Khala pansi ndikuuze.

"Chinali chaka cha 1942. Ndinali ndi zaka makumi awiri. Sitima za pansi pa madzi za Ajeremani zinkabwera mpaka pafupi ndi gombe lathu n'kumamiza zombo zonyamula mafuta. Boma linamanga nsanja zimenezi motsatira nyanja ku Delaware, kuti mdani asalowe mumtsinje wopita kumafakitale. Ife tinkakwera pamwamba n'kumayang'ana pa timazenera topyapyala ngati diso la mphaka. Chombo chikaoneka, ine ndimachiloza ndi galasi langa, mnzanga wa pansanja ina nayenso amachiloza. Tonse timaimba foni kunena kumene taloza. Anthu a patebulo ankalemba mizere iwiri pamapu. Pamene mizereyo yakumana, pomwepo ndiye pali chombo, ndipo mizinga ikuluikulu inkalozetsedwa pamenepo."

"Ndiye munamiza zingati?"

"Ngakhale chimodzi. Mizinga ija sinaombepo mdani. Ntchito yathu inali kuyang'ana basi. Kuyang'ana madzi chaka ndi chaka mpaka maso kutuluka misozi. Tsiku lina ndinaona utsi kutali. Chinali chombo chathu chikuyaka. Mdani anali pansi pa madzi, sitikanamuona. Ndinangogwira foni m'manja n'kumawerenga kugunda kwa mtima wanga."

Edness anakumbukira chilindo cha m'munda mwa agogo ake aamuna, kumene ankalondera anyani. Koma anyani umawaona.

Mawu a nkhalamba anafewa. "Koma kunalinso zabwino. Kunali mtsikana wina amene ankadutsa pa njinga Lachitatu lililonse. Ankaima pamsewu n'kukupiza mpango woyera. Ine pamwamba mtima uli phaphapha. Ndinadzamukwatira. Anamwalira zaka zitatu zapitazo." Anatambasula dzanja n'kugwira la Edness. "Ndiperekeze, mwana wanga. Ndikaone kamodzi kokha ndisanafe. Galimoto ili m'garaja, makiyi ali m'kabati."

Mawu oti "mawa agogo" anafika pa lilime. Edness anawameza.

"Nsanjayo ili pati kwenikweni, agogo?"

"Pafupi ndi Rehoboth."

Apa mtima wa Edness unadumpha. Ku Rehoboth n'kumene kunali Mwamba, mnyamata wa ku Lusaka amene ankaphunzira pa yunivesite ya ku Fairfax. Anakumana kukwaya ya tchalitchi. Tsopano anali atapita kunyanjako kukakazinga tchipisi nthawi ya tchuthi. Milungu itatu yathunthu asanamuone! Kalata imodzi yokha ndi imene inabwera, ndipo inali itang'ambika m'mapindo chifukwa choiwerenga.

Anayang'ana koloko. Hafu pasiti eyiti. Maola atatu kupita, ola limodzi kumeneko, maola atatu kubwerera. Amayi akanapeza tiyi ali patebulo. Komanso munthu wamkulu wapempha ndi misozi m'maso. Mwana woleredwa bwino angakane bwanji?

Anaimba foni kumalo a tchipisi aja.

"Iwe Edness, ni zoona? Ubwela lelo?" anatero Mwamba m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Bwela chabe, mami. Nizapempha ba bosi ola imozi, nizakupeza pa nsanja paja."

Edness anatenga lamba uja, namuyang'ana, namuponya pampando wakumbuyo wa galimoto.

3. Mlatho

Ulendo unayamba bwino. A Henderson ankaimba nyimbo zachikale, mphepo ikuwauluzira tsitsi. Edness ankadziona ngati munthu wa m'kanema. Anali atadzola milomo pagalasi la m'garaja.

Atadutsa Annapolis, magalimoto anathinana. Loweruka la Julayi, anthu onse a mu Washington amathawira kunyanja, ndipo izi Edness sanaziwerengere. Anakwawa ola lathunthu asanafike pamlatho waukulu wa Chesapeake.

Mlatho umenewo Edness anali asanauolokepo akuyendetsa yekha. Unangokwera, kukwerabe, ngati ukupita kumitambo. Kumbali kunali tizitsulo tochepa, kupitirira apo madzi okhaokha, kutali pansi. Mphepo inkakankha galimoto. Manja ake anachita thukuta, chiwongolero chikuterera. Malo oimapo panalibe, malo otembenukira panalibe.

Nyimbo ija inaleka. A Henderson anali atatong'ola maso pamadzi.

"Zimitsa magetsi," anatero ndi mawu achilendo. "Atiwona."

"Ndani, agogo? Ndi masana ano."

"Zimitsa magetsi, ndakuuza."

Mutu wa agogo unali utayamba kupita, monga ananenera amayi. Atatsika mlatho Edness anaima pamalo omwetsera mafuta. Nthawi inali itadutsa kale leveni koloko. Msewu wobwerera ku Bethesda unali mbee, wopanda galimoto.

Anauyang'ana msewuwo. Anayang'ananso milomo yake pagalasi. Analiza galimoto n'kulowera kunyanja.

Anadutsa minda ya chimanga yaitali ngati ya kwa Njolomole, ndi makola a nkhuku osaoneka pothera. A Henderson anagona. Pamene ankafika, nthawi inali hafu pasiti wanu.

4. Mphindi zisanu

Nsanja ija inaonekera pamwamba pa mitengo ya paini. Pachithunzi inkaoneka yokongola. Pamaso inali yotuwa, yong'aluka, ya madontho a dzimbiri ngati misozi. Timazenera take tinkayang'ana nyanja mwaukali. Malowo tsopano anali paki ya boma, ndipo nsanja imeneyi inali yotsegula kuti alendo azikwera.

A Henderson anatsika ndi ndodo yawo. Anavula chipewa n'kuima chilili, milomo ikugwedezeka.

Belu la njinga linalira kumbuyo. Anali Mwamba, malaya oyera, kumwetulira kwake kuja kwa mpata wa pamano. Ankanunkhira mafuta a tchipisi, koma kwa Edness linali fungo la maluwa.

"Ba Edness, muoneka bwino," anatero akuseka. "Aba ndiye ba gogo bako ba chizungu?"

"Usawaseke. Anali msilikali."

"Manje tiye tikaone nyanja. Ili chabe kuseli kwa mchenga uyu. Nili na ola imozi, yasila kudala."

Edness anawakhazika a Henderson pabenchi ya pamthunzi.

"Agogo, mukhale pompano. Mphindi zisanu zokha."

Nkhalamba inagwedeza mutu, maso ali pansanja.

Awiriwo anakwera chulu cha mchenga. Kuseri kwake nyanja inali itayala buluu mpaka kumalekezero a dziko. Anavula nsapato. Mwamba anamuwaza madzi, Edness anathawa, Mwamba anamugwira dzanja ndipo sanalisiye. Anakamba za koleji, za nyumba ya zipinda zitatu, za mayina a ana. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Edness atayang'ana wotchi, mphindi makumi anayi zinali zitapita.

Anathamanga osavala nsapato. Mchenga unkamuotcha mapazi.

Pabenchi panalibe munthu. Chipewa chinali pansi. Ndodo inali itatsamira pakhomo la nsanja.

5. Pamwamba

Mkati munali mdima ndi fungo la chinyontho. Masitepe achitsulo ankazungulira ngati chigoba cha nkhono, kukwera mpaka osaoneka.

"Agogo?"

Mawu ake anabwerera okha. Kenaka, kutali pamwamba, anamva munthu akukuwa.

Anakwera. Chitsulo chinkalira pansi pa mapazi ake. Mwamba ankatsatira pambuyo akupuma mofulumira. Anazungulira, kuzungulirabe, mpaka mutu unayamba kuwawa. Munthu wolephera kufika kubafa popanda ndodo anakwera bwanji zonsezi?

Anawapeza pa chipinda chomaliza, nkhope atayikanikiza pa kazenera. Malaya anali atanyowa ndi thukuta. Dzanja limodzi linkapapasa khoma.

"Foni ili kuti? Ndani wachotsa foni? Chombo, kumpoto chakum'mawa. Chikuyaka. Muli anthu mmenemo."

Edness anasuzumira. Panyanja panali chombo choyera chonyamula anthu ndi magalimoto, chikuyenda mwamtendere.

"Agogo, nkhondo inatha."

Anatembenuka n'kumuyang'ana ndi maso osamudziwa. "Ndiwe yani? Akazi saloledwa muno. Msilikali sachoka pamalo ake."

"Tibanyamule chabe," ananong'ona Mwamba.

"Pa masitepe amenewa? Tigwa tonse atatu."

Edness anaimirira mowongoka n'kulankhula ndi mawu okhuthala. "Henderson, nthawi yako yolonda yakwana. Mnzako uyu wabwera kudzakulandira. Akukufuna pansi."

Nkhalamba inamuyang'ana Mwamba kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wachedwa," inatero. "Usachotse maso pamadzi." Ndipo inayamba kulowera kumasitepe.

Mwamba anatsala pakazenera kuti agogo asabwerere. Edness anayamba kutsika nawo. Apa m'pamene anakumbukira lamba, ali phee pampando wakumbuyo wa galimoto.

Panali njira ina. Akanatha kugwira thalauza lawo m'chiuno, kumbuyo. Anatambasula dzanja mpaka zala zinakhudza nsalu. Dzanja linabwerera lokha. Bambo wamkulu, msinkhu wa agogo ake, ndiponso Mwamba ali pamwamba akuona. Ayi.

M'malo mwake anawagwira pachigongono ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza mkono wake, monga mwana amalandirira chinthu kwa akulu. Anagwira mwaulemu, mosafinya. Manja onse awiri anali pa ulemu. Pachitsulo chogwirira panalibe ngakhale chala.

Anatsika sitepe imodzi imodzi. Maondo a nkhalamba ankagwedera. Edness ankapemphera chamumtima, akuwerenga. Makumi atatu. Makumi asanu. Kuwala kwa pakhomo kunayamba kuoneka pansi. Kunatsala masitepe asanu ndi limodzi.

Nsapato ya agogo inaterereka. Chigongono chinapulumuka m'manja mwa Edness ngati mlamba.

A Henderson sanakuwe. Kunangomveka chitsulo kulira kawiri, kenaka khu, pasimenti. Anagona chammbali, mwendo umodzi utapindikira kunja mosayenera. Maso anali otsegula.

"Agogo. Agogo, ndiyankheni."

"Kukuzizira," anatero motsitsa.

6. Foni

Mayi wina amene anali ndi ana ake panja anathamanga kukaitana mlonda wa paki. Mwamba anatsika, naona mwendo uja, nkhope yake inatuwa. Kutali kunayamba kumveka kulira kwa ambulansi.

"Edness, ine siningankhale pano."

"Ukuti chiyani?"

"Mapepa yanga ni ya sukulu chabe. Sibanivomeleza kusebenza nchito kuno. Bapolisi bakanifunsa, nasila. Unvela, nizakutumila foni."

"Mwamba, usandisiye ndekha."

Koma anali atakwera kale njinga. Malaya oyera aja anazimiririka m'mitengo ya paini.

A ambulansi anafika, nawamanga a Henderson pamachira. Mmodzi anati fupa la m'chiuno likuoneka kuti lathyoka, ndipo pa msinkhu umenewu si nkhani yaing'ono. Edness anafuna kukwera nawo, koma mlonda wa paki, bambo wamtali wa yunifolomu yobiriwira, anamuletsa.

"Inu mubwere ndi ine kaye."

Anapita naye ku kaofesi ka pachipata. Edness anakhala pampando wapulasitiki, mapazi ali mchenga wokhawokha. Nsapato zake zinali zitatsala kunyanja. Mlondayo anali atakopera nambala ina kuchokera pa kachibangili kachitsulo kamene a Henderson ankavala pamkono. Anaimba, nalankhula motsitsa atatembenukira kukhoma.

Atamaliza anaphimba foni ndi dzanja.

"Ndili ndi ana aakazi awiri, ndiye ndikuuzani monga bambo," anatero. "Ndagwira ntchito pano zaka khumi ndi zinayi. Ndaona achinyamata ambiri atakhala pampando umenewo. Ngozi imachitika, ndipo anthu amakhululuka. Chimene sakhululuka ndi bodza la pambuyo pake. Bodza limafuna linzake, linzakelo limafunanso lina, ndipo lomaliza mumakalinena pamaso pa woweruza. Mwana wa bamboyu ali pafoni. Akuti bambo ake anawasiya ndi mayi wotchedwa Rosina. Ndinu Rosina?"

Edness anayang'ana foniyo. Kutchalitchi anthu ankanena kuti pafoni mawu ake ndi a mayi ake n'chimodzimodzi. Akanati inde, mayi Gwendoline akanakhulupirira. Koma ndiye kuti amene anatenga nkhalamba kupita nayo kunyanja ndi amayi. Akanati ayi, ndiye kuti amayi anasiya nkhalamba m'manja mwa mwana. Kulikonse kunali moto.

Analandira foni ndi manja awiri. Inali yolemera.

"Rosina?" Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka nyimbo za ukwati. "Rosina, wawachita chiyani bambo anga? Ku Delaware ukutani?"

"Sindine a Rosina, mayi."

"Nanga ndiwe yani?"

"Ndine Edness, mwana wawo. Ndawatenga ndine. Amayi anandiletsa, sakudziwa chilichonse. Wolakwa ndine."

Chitseko chinatsekedwa kwinakwake, nyimbo zija zinazima. Mawu atabweranso anali otsika, ozizira ngati mwala wa m'madzi.

"Mwana wake. Uli ndi zaka zingati?"

"Eyitini."

"Unaphunzira zosamala odwala?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye Rosina wasiya bambo anga ndi iwe kangati?"

"Lero lokha. Ndikulumbira, lero lokha. Chonde musawachotse ntchito. Mapepala athu..."

"Usanditchulire mapepala bambo anga ali m'ambulansi. Ndikunyamuka pompano, ndikupeza kuchipatala. Usathawe. Koma ndisanaone nkhope yako ndikufuna ndimve mawu a mayi ako. Mupatse bamboyo nambala ya kunyumba kwanu, awauze andiimbire."

Foni inaduka.

Mlonda uja anakankhira pepala ndi cholembera patsogolo pake. Edness anagwira cholembera. Analemba nambala yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mlondayo ataima pambali pake, chala chili kale pafoni.